Thabwa Lonama la kwa Namwiyo

Sajenti Leah Mulopa sankakonda milandu yopanda wakuba. Ya mbuzi ankaidziwa, ya njinga ankaidziwa, ya amuna omenya akazi awo tsiku la malipiro ankaidziwa mpaka kunyansidwa nayo. Koma Lachinayi m'mawa paofesi yake ya polisi ku Thuchila panafika mtsikana wonyowa mpaka m'mawondo, atafumbata kope lokulungidwa m'jumbo, n'kunena kuti thabwa likunama.

"Thabwa likunama bwanji, achemwali?"

"Loyezera madzi lija, mayi, la kwathu kwa Namwiyo. Alipo walikhudza."

Mtsikanayo anali Tiyamike. Namondwe wa zaka zingapo zapitazo atakokolola anthu khumi ndi mmodzi m'mudzimo, bungwe lina linaimika thabwa lalitali m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila. Pansi linali lobiriwira, pakati lachikasu, pamwamba lofiira. Ntchito ya Tiyamike inali kuliwerenga m'mawa ndi madzulo, kulemba m'kope, n'kutumiza manambalawo pafoni kuboma. Madzi akakhudza pofiira, ankaimba chitsulo, limu ya tayala la lole yopachikidwa pamtengo wa mango, ndipo aliyense ankathawira kusukulu ya kumtunda. Manambala omwewo ndiwo ankayembekezeka kugamula ngati mudziwo usamutsidwe kapena ayi.

"Dzulo andiimbira akuboma," anatero Tiyamike. "Akuti thabwa la kumunsi kwa phiri likuonetsa madzi ambiri kuposa chaka chatha, koma langa likuonetsa ochepa. Akuti ndimalemba manambala ndili gone pamphasa. Mayi, ine chiyambire sindinajombepo, ngakhale tsiku limene ndinadwala malungo."

Leah anasuzumira pawindo. Phiri la Mulanje kunalibe, mtambo wakuda unali utalimeza kwa masiku atatu. Kuchigwa kuno kunkangowaza, koma mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti madzi opha anthu ndi a mvula imene sinakunyowetse. Anatenga chipewa chake n'kuitana wa kabaza wa njinga yamoto.

*

Mtsinje unali wofiirira ngati tiyi wamkaka, ukunyamula mapesi ndi nthambi. Thabwa lija linali lokhomedwa pamlongoti wa bulugamu, ndipo madzi anali adakali pobiriwira, pafupi ndi pachikasu. Munthu wodutsa akanangoti zonse zili bwino n'kupitiriza ulendo.

Leah anavula nsapato, n'kutsikira pamwala umene Tiyamike ankaimapo. Anapapasa mlongoti kumbuyo kwa thabwa. Chala chake chinagwera m'kabowo. Anasuzumira, n'kuona kabowo ka msomali kodetsedwa ndi dzimbiri, kopanda msomali. Pamwamba pake panali msomali wopindikapindika, wochita kuwongola. Anakwera ndi maso n'kupeza kabowo kena ndi msomali wina pamwamba pake, kenako kachitatu.

Anathyola bango, naliika pakati pa bowo ndi msomali, n'kulidula pomwepo. Linali lotalika kuyambira pachigongono mpaka nsonga ya chala. Analiyesa pa mabowo ena awiri aja ndipo linakwana ndendende, osasiyana ngakhale ndi chikhadabo.

"Alikweza," anatero Leah. "Ndipo wolikwezayo sanali woledzera. Anali ndi choyezera."

Panali chinanso. Thabwa litakwezedwa linapitirira mlongoti, choncho munthuyo analichirikiza kumbuyo ndi kamtengo. Kamtengoko kanadulidwa mopendeka mbali zonse ziwiri, kosalala, kamodzi n'kamodzi, popanda zibenthu. Leah anakayang'ana kwa nthawi, osadziwa chimene kankamukumbutsa.

"Analowamo bwanji m'madzi otere osaonedwa?"

Tiyamike anatsegula kope. "Mwezi watha kunali ng'amba ija. Onani apa, masiku asanu ndi anayi sindinalembe kanthu. Madzi anaphwa, mlongoti unatsala pamchenga."

Ndiye kuti munthuyo anali wochenjera. Anadikira madzi kuchoka pathabwa kuti manambala asadumphe m'kope. Leah anaika bango lija pamwamba pa madzi. Nsonga yake inafika kupitirira pakati pa chikasu, ndipo pamenepo ndi pamene madzi akanakhala thabwa likanapanda kukwezedwa. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kutsidya. Pakati pa mtsinje ndi khwawa lakale panali chilumba cha minda, ndipo pamenepo panali anthu owerama, mwina makumi atatu, ena ndi ana kumbuyo.

"Akutani kumeneko nyengo ino?"

"Ng'amba inawotcha chimanga chonse kumtunda. Akubzala mbatata. Chinyezi chatsala kokhako."

"Amawolokera pati?"

Tiyamike analoza pamene madzi ankachita makwinya pamiyala. "M'mawa amalekeza m'ntchafu. Akafika pofiira penipeni, sipawolokeka."

Leah anathyola bango lina lofanana, nampatsa. "Khalani pompano. Bangoli mulitsitse kuchokera poyambira pofiira, ndipo madzi akamayandikira nsonga yake, mundiimbire."

*

A Simon, wapampando wa komiti yoona za ngozi m'mudzimo, anamulandira pakhonde atavala jekete ngakhale kunali chifunga. Mpiringidzo woimbira chitsulo unali m'nyumba mwawo, ndipo ankausunga ngati chikho cha mgonero.

"Mfundo yanu ndaimva, mayi Sajenti, ndipo ndikuilemekeza," anatero. "Koma monga komiti tinagwirizana, ndipo zinalembedwa. Chitsulo chimalira madzi akakhudza pofiira. Sizinalembedwe kuti akakhudza bango."

"Thabwa lakwezedwa, bambo. Mabowo alipo."

"Mabowo! Mlongoti uja tinachotsa pakhola la ng'ombe la atsibweni anga. Mabowo angalephere? Komanso mtsikana uja akuboma amukayikira. Munthu akamamira amagwira ngakhale udzu."

"Ndikaimba ndekha ndi mwala."

A Simon anapukusa mutu, ndipo ulendo uno mwachisoni. "Kaimbeni. Chaka chatha wina anaimba mwaphuma, tinathawa tonse, pobwera tinapeza mbuzi zisanu ndi imodzi zitabedwa, madzi osafika n'komwe. Chiyambire pamenepo chitsulo chikalira anthu amayamba andiimbira foni ine. Ndikati n'zoona amathawa. Ndikawauza lero kuti asiye mbatata chifukwa cha bango, mtsinje n'kuphwa, tsiku lenileni sadzandimveranso. Anawo adzadya chiyani mwezi wa mawa? Ndibweretsereni amene analikweza, anene ndi pakamwa pake. Ndikatero ndiimba ndekha."

Leah anafuna kuwagwira pajekete n'kuwagwedeza. Chomukwiyitsa kwambiri n'chakuti bamboyu sanali wopusa, anali wamantha basi. Anayang'ana wotchi. Nthawi inali itadutsa leveni.

"Ndani amadana nalo thabwali?"

"Funsani Austin wa mchenga. Anati adzalizula, tonse tikumva."

*

Austin anali pansi pa mlatho, atakhalira fosholo, akuyang'ana mulu wake wa mchenga ukudyedwa ndi madzi.

"Eee, ndinanena, amayi, sindikana. Anandiletsa kukumba pafupi ndi chithabwa chawocho, pamene mchenga wabwino uli pompo. Koma tandiyang'anani bwinobwino. Ine ndikakwiya ndimazula, n'kuponya uko. Zoti ndikhale pansi, ndiwongole misomali, ndiyeze ngati ndikupachika chithunzi cha ukwati? Aaa, si ine ameneyo."

"Nthawi ya ng'amba munali kuti?"

"Ku Chitakale, masabata awiri, tikupakira njerwa. Funsani dalaivala wa lole, dzina lake Prince, nambala ndi iyi. Ndipo asamuke onse, ine zingandikomere. Mtsinje ungatsale wanga."

Leah anayang'ana chisakasa chimene Austin anadzimangira pothawira dzuwa. Mitengo yake inali yotemedwa mwachisawawa, nsonga zonyenyeka ngati zolumidwa ndi galu. Munthu uyu sakanatha kudula kamtengo kaja ngakhale atamulonjeza ng'ombe.

"Wakhala pafupi ndi mtsinje ndani?"

"Mayi Rosie. Amene uja nkhuku ikatsokomola kutsidya amamva."

Foni inalira. Anali Tiyamike. "Mayi, madzi akwera ndi zala zinayi. Atsala chikhatho chimodzi kufika pabango."

*

Mayi Rosie ankasenda nyemba za kalongonda pakhonde, mwendo wotupa atauika pampando. Sanadikire kufunsidwa.

"Ndinadziwa ine kuti mubwera. Khalani, khalani, mwana wanga, pepani mpando ndi womwewu. Kukhomako ndinakumva, ee, ndi makutu angawa. Linali Lamulungu, la pakati pa ng'amba. Ine ndi mwendowu kutchalitchi sindinapite, ndinatsala ndekha ngati kadzidzi. Kwaya itangoyamba, ndinamva kumtsinje go, go, go. Kwaya ikaleka, nayenso aleka. Ikayamba, nayenso ayamba. Ndinati kodi satana wayamba ukalipentala?"

"Munamuona?"

"Ndi mwendo uti? Ndinangomva."

"Ndani sapita kutchalitchi m'mudzi muno?"

Mayi Rosie anawerenga ndi zala zothimbirira. "Austin, koma kunalibe. Ine. A Luckson, koma aja ndi akhungu." Anasiya kusenda, liwiro la pakamwa n'kuchepa. "Ndi a Samueli. Aja analeka chimwalirire akazi awo, a Anesi. Madzi a chaka chija anawatenga ali m'manja mwawo, anawapeza patapita masiku awiri. Koma iyayi, mwana wanga, a Samueli ayi. Munthu amene madzi anamulanda mkazi angasewere ndi thabwa la madzi? Mwana wawo Janeti ali kuchilumba komweko pano, ndi khanda kumbuyo."

"Ankagwira ntchito yanji?"

"Ku esiteti, zaka makumi atatu. Ankadulira tiyi."

Leah anaimirira mwadzidzidzi mpaka mbale ya kalongonda inagwedera. Tsopano anakumbukira kumene anaona mdulidwe uja. Bambo ake omubala anali odulira tiyi. Anthu amenewa sadula nthambi mopingasa. Amadula mopendeka, kamodzi, kuti mvula isakhale pabala n'kuwoletsa mtengo. Dzanja likazolowera zimenezo silisinthanso, ngakhale podula nkhuni.

*

Nyumba ya a Samueli sinafunike kufunsira. Mpanda wake wa maluwa unali wodulidwa mosalala pamwamba ngati tebulo. Pakhonde panali mtolo wa mbewu ya chinangwa, ndipo phesi lililonse linali lodulidwa mopendeka. Pakhoma, pafupi ndi mpeni wokhota, panapachikidwa kandodo kakuda kosalala ndi thukuta la zaka zambiri. Kanali ka muyezo, kamene odulira amaimika pansi kuti tchire lonse la tiyi lifanane msinkhu.

Mwini wake anali pampando, munthu wamng'ono thupi, wa imvi, malaya omangidwa mabatani mpaka m'khosi. Leah anagwada pang'ono n'kupereka moni monga mwana wolereka. Kenako anatenga kandodo kaja, nakagundanitsa ndi bango lake. Zinalingana ngati mapasa.

A Samueli anayang'ana ziwirizo, osaphethira.

"Bango ndi bango, mayi. Kumtsinje aliko ambiri."

"Lamulungu la pakati pa ng'amba munali kuti, bambo?"

"Pano."

"Alipo anakuonani?"

"Munthu wamasiye amaonedwa ndi ndani?"

Leah anakhala pansi pakhonde, ngakhale miyendo inkafuna kuthamanga. Anadziwa kuti okalamba otere ukawakankha amauma ngati chitsa. "Bambo anga ankadula chonchi," anatero, akuloza chinangwa. "Ankati kapitawo akapeza nthambi yodulidwa mopingasa, tsiku limenelo ulibe tikiti ya malipiro. Kamtengo kali kumbuyo kwa thabwa kadulidwa ndi munthu amene sanalandidwepo tikiti."

Mkuluyo analankhula motsitsa, akuyang'ana manja ake.

"Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi ndani? Ine ndinabwera muno ndi kabudula mmodzi, kudzakwatira Anesi. Munda ndi wa kwawo, malo ano ndi a kwawo. Atamwalira, abale ake anayenera kundisudzula ndibwerere kwathu. Anandimvera chisoni, anati mkuluyu angokhala m'nyumba yakeyo mpaka Mulungu adzamuitane. M'nyumba yakeyo, mwamva? Tsono kumsonkhano anati manambala akachuluka tisamuka, ndipo kumalo atsopanowo adzagawa potsata mbumba. Ndinamva alamu anga akuwerenga mayina. Langa silinatchulidwe."

"Janeti sangakutengeni?"

"Nyumba ya mwana wamkazi ili ndi mwamuna wake. Mpongozi agone pati? Kwathu ndi kuseri kwa Milanje uko, ku Mozambique. Ndinachokako ndili pamsana pa amayi, nthawi ya nkhondo isanayambe n'komwe. Ndikafike ndikati ndine yani? Ndipo Anesi ali apo." Analoza ndi chibwano kumsitu wa manda. "Ndinangofuna manambala achepe pang'ono, akuboma aone kuti muno n'mokhalika. Kandodo kamodzi kokha, mayi. Sindinabe kanthu ka munthu."

Leah anawamvera chisoni, chisoni chenicheni, koma chinasakanikirana ndi mkwiyo. Mkuluyu anaganiza za manambala opita kuboma usiku ndi usana, n'kuiwala kuti thabwa lomwelo ndilo limadzutsa chitsulo.

"Bambo, Janeti ali kuti?"

"Kuchilumba. Ndinamuuza m'mawa kuti chitsulo chikalira asachedwe, atenge mwana..."

Leah anaona nkhope ya mkuluyo ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene waponda njoka mumdima n'kumamva ikuyenda pansi pa phazi.

Foni inalira. Leah anaitsegula kuti onse amve.

"Mayi!" Tiyamike ankalira. "Afika pabango! Pathabwa akungoyamba kumene chikasu, koma afika! Kukubweranso mitengo yathunthu!"

A Samueli anadzuka. Analanda kandodo kaja m'manja mwa Leah, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi hamala.

*

Sanayende ngati munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Leah ankachita kutsatira pambuyo, akuterereka m'matope. Atafika kwa a Simon, mkuluyo sanapereke moni, sanavule chipewa.

"Ndine ndinakweza thabwa. Ndi hamala iyi, ndi muyezo uwu. Madzi ali pofiira. Imbani foni."

A Simon anatsegula pakamwa, mwina kuti atchule zimene zinalembedwa, koma a Samueli anali atadutsa kale. Pamtengo wa mango anakweza hamala ndi manja awiri n'kumenya limu ija. Kulira kwake kunalowa m'mano. Anamenyanso, namenyanso. Nkhuku zinabalalika, agalu anayamba kuuwa, ndipo foni ya a Simon inayamba kulira m'thumba la jekete.

"N'zoona!" anakuwa a Simon, ulemu wa komiti utawathera. "Siyani makasu! Wolokani pompano! Uzani enawo, n'zoona!"

Leah anathamangira powolokera. Austin anali atafika kale ndi chingwe cha lole, atachimanga kumtengo, iye ali m'madzi mpaka m'chiuno akutukwana mtsinje ndi makolo ake omwe. Kutsidya anthu ankabwera mothamanga, ena atakakamirabe mitolo ya mbewu ya mbatata mpaka anzawo kuwalanda n'kutaya. Analowa m'madzi mmodzimmodzi, atagwira chingwe. Leah ankawakoka padzanja n'kumawerenga mokweza, Tiyamike akutchula mayina. Khumi. Khumi ndi asanu ndi atatu. Madzi amene ankalekeza m'chiuno mwa oyamba anafika pamimba pa otsatira. Thunthu la nthochi linadutsa n'kukwapula chingwe, mayi wina anamira mpaka m'khosi, Austin n'kumugwira ndi nsalu. Chitsulo sichinaleke kulira.

Makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Kutsidya kunatsala mmodzi, mayi wa chitenje chachikasu, ataima m'mphepete akumasula mwana kumbuyo.

"Janeti!" anakuwa Tiyamike. "Pamutu! Muike pamutu!"

Analowa. Dzanja limodzi linali pachingwe, lina litapanikiza khanda pamutu. Madzi anafika pachifuwa. Pakati penipeni anaima, phazi likufunafuna mwala umene unali pamenepo m'mawa. Leah sanadziwe kuti walowa liti m'madzi, anangomva kuzizira m'mimba ndi kulemera kwa mwana akuikidwa m'manja mwake, wofunda, akulira ndi ukali wonse. Austin anakoka mayiyo ngati thumba la mchenga mpaka pamtunda.

Leah atatembenuka, miyala ya powolokera sinkaonekanso ngakhale makwinya ake. Madzi anali atayamba kulowa m'mizere ya mbatata. Pathabwa paja, anali adakali pachikasu.

Anthu anayamba kukwera kusukulu, atanyamula ana ndi mbuzi. Leah anabwerera kumtengo wa mango, yunifomu ikudontha. A Samueli ankamenyabe chitsulo, mofooka tsopano, chikhatho chitang'ambika. Leah anawagwira mkono.

"Awoloka onse, bambo. Janeti ndi mwana ali kutsogoloko."

Hamala inagwa pansi. Mkuluyo anatsamira mtengo, akupuma ngati mvukuto. Janeti anali atabwerera, akunjenjemera m'chitenje chonyowa, ndipo sankadziwa kanthu.

"Ababa, ndinu mwaimba? Mulungu akudalitseni. Tiyeni kusukulu, ndikakupezereni pogona anthu asanadzaze."

A Samueli anamuyang'ana, nayang'ana mdzukulu wawo, kenako kumsitu wa manda kumene madzi ofiirira anali atayamba kuzungulira mitengo. Anatola kandodo ndi hamala, napereka zonse kwa Leah ndi manja awiri.

"Pita, mwana wanga, usavutike nane," anatero. "Ine pogona ndapeza kale. Ndipita ndi mayi a polisiwa."